Ndapeza chiphaso cha mlamu wanga pa pepala lokulungira zitumbuwa

NaPhiri_Chisemphere:
Abale anga, mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Dzulo ndinapita ku Kasungu boma kukagula mbewu ya chimanga, ndiye pobwerera ndinagula zitumbuwa pafupi ndi depoti kuti ndikawapatse ana. Mayi wogulitsayo anandikulungira m'mapepala awiri oyera, aja a muofesi. Nditafika kunyumba ndikufunyulula, ndinangoona nkhope ya munthu yanona ndi mafuta. Kuyang'anitsitsa, ndi fotokope ya chiphaso cha unzika, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo m'munsi mwake wina analemba ndi bolopeni nambala ya foni, dzina la mudzi, la nyakwawa, ndi ndalama ya ngongole imene munthuyo anatenga. Chimene chandiziziritsa nkhongono n'chakuti munthuyo ndi mlamu wanga weniweni, mkazi wa achimwene anga. Pepala linalo ndi m'ndandanda wa amayi a kalabu yawo, aliyense ndi nambala yake ya chiphaso, ya foni, ndi chidindo cha chala.

Mlamu wangayo ngongole imeneyi anabweza kalekale, ndipo pachibale pathu palibe ankadziwa kuti anatengapo. Lero ine ndadziwira pa chitumbuwa. Ndiye ndikufunsa: mafotokope amene timasiya m'maofesimu amathera kuti? Nanga munthu woipa mtima atatola pepala ngati ili, angachite nalo chiyani?

Wakabaza_KU:
Si zachilendo zimenezo amayi. Ine tchipisi cha pachiwaya ndadyerapo pa mayeso a ana asukulu, pa makalata ofunsira ntchito, ena mpaka okhala ndi chithunzi cha mwini wake. Mapepalawa amagulitsidwa pa kilo.

Mlimi_wa_Chamama:
Pepani kwambiri amayi, koma tiyeni tinene zoona, pepala lokha lingamuchite chiyani munthu? Dzina langa mudzi wonse ukulidziwa, nambala yanga ndinailemba ndi penti pakhoma la golosale. Ndalama zili kuseri kwa PIN, ndipo PIN ili m'mutu mwanga. Ine ndilibe chobisa. Amene amanjenjemera ndi zimenezi ndi amene ali ndi zobisa.

Ejenti_wa_Chinkhoma:
Akulu a ku Chamama, ine ndakhala pa kauntala yotumiza ndi kutapa ndalama kuno ku Chinkhoma zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye mundilole ndikuuzeni mmene zimayendera. Wakuba sayamba ndi kufunsa PIN. Amayamba ndi kukupangitsani kuti mumukhulupirire, PIN mudzapereka nokha ndi manja awiri. Munthu wachilendo akaimba n'kungoti "moni bambo", mumadula foni. Koma akayamba ndi dzina lanu lonse, mudzi wanu, tsiku lanu lobadwa, n'kuwonjezera kuti muli mu kalabu yakuti ndipo munatenga ngongole yakuti, mumati ameneyu ndi wa kuofesi ndithu. Kenako amati akaunti yanu ili ndi vuto, dinani manambala awa, tiwerengereni uthenga umene wabwerawo. Pomwe mukuzindikira, foni yatsala ndi chenje.

Nyengo ya msika wa fodya ndiye amachita kulusa, chifukwa akudziwa kuti alimi a kuno ali ndi kenakake m'thumba. Chaka chatha bambo wina wachikulire anafika pa kauntala panga foni ili kukhutu, thukuta kamukamu, akufuna kutumiza ndalama zonse zimene anatapa tsikulo. Wina anawauza kuti mwana wawo wachita ngozi ndipo wagonekedwa ku Lilongwe, pakufunika ndalama msanga. Anawatchulira dzina la mwanayo ndi sukulu yake yomwe. Ndinachita kuwapempha kuti ayambe adula foniyo, tinaimbira kusukuluko, mwana ali m'kalasi bwinobwino. Maina amenewo wakubayo sanalote ayi. Anawerenga penapake, mwina pa pepala longa limene NaPhiri atolali.

NyaKaluluma:
Mwanena bwino achimwene, koma inunso maejenti musadziyeretse. Buku lanu lija mumatilembetsa dzina, nambala ndi ndalama limangokhala pululu pa kauntala, aliyense wobwera pambuyo amawerenga. Ine ndinatapa ndalama ku Nkhamenya, usiku womwewo mwamuna wosamudziwa akunditumizira uthenga woti anandiona ndavala chitenje chobiriwira ndipo wandikonda. Nditamufunsa komwe watenga nambala yanga anayankha mosachita manyazi kuti m'buku la ejenti. Uthengawo amuna anga ndi amene anayamba kuuona. Zimene zinachitika m'nyumba mwanga sabata imeneyo sindikufuna kuzikumbukira.

Ejenti_wa_Chinkhoma:
Sindikana asisi, zimenezo zimachitika ndipo n'zolakwika. Ine masiku ano ndimaphimba mizere ya pamwamba ndi katoni, wosaina amangoona mzere wake. Koma makasitomala nanunso tithandizeni. Munthu amandipatsa foni n'kufuula kuti "ndiikireni, ndi 1985", pamzere pali anthu khumi. Ndiye PIN yakeyo ndi chaka chake chobadwa, chomwe chalembedwa pa chiphaso chimene wasiya m'mafotokope ponseponse.

Mlimi_wa_Chamama:
Apo pokha mwandigwira. Yanga ndisintha lero.

Mphunzitsi_wa_Santhe:
NaPhiri, pepani ndi zimene zachitikazi. Ndikufuna ndiyankhe funso lanu kumbali ya malamulo, chifukwa ambiri timaganiza kuti nkhani ngati imeneyi ilibe kokadandaula. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, pa gawo 21, amanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndipo akutchula ngakhale makalata ndi zolankhula pa lamya. Kenako kunabwera Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, imene imaletsa kulowa mu foni kapena kompyuta ya munthu popanda chilolezo, ndi kuzunza munthu kudzera pa intaneti. Tsopano kuli lamulo lenileni la nkhaniyi, Data Protection Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira.

Mutu wa lamuloli ndi wosavuta. Amene akutenga mbiri yanu ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka, atenge zokhazo zimene zikufunika pa ntchitoyo, azisunge motetezeka, ndipo asazisunge mpaka kalekale ntchito itatha. Inu muli ndi ufulu wofunsa kuti akusunga chiyani chokhudza inu, wouza kuti akonze cholakwika, ngakhale wopempha kuti afufute. Zaumoyo ndi zidindo za zala lamulo limaziika m'gulu lofunika kusamala koposa. Ndiye bungwe limene linapereka ngongole kwa alamu anuwo, kaya linagulitsa mapepalawo, kaya linangowataya kudzala, kaya wantchito wawo anaba, udindo wosunga unali wawo. Pepalalo musalitaye, ndi umboni.

Wakabaza_KU:
Aphunzitsi, lamulo lili ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mayi wa ku Chisemphere alipire minibasi kukadandaula za pepala la zitumbuwa? Ndalama yake ndi ya ndani?

Mphunzitsi_wa_Santhe:
Ayi, poyambira si kumeneko. Poyambira ndi ku ofesi ya bungwe lomwelo, kukaonana ndi mkulu wake, pepala lili m'manja, ndi kulemba kalata yosiya kope. Ambiri akangoona kuti munthu akudziwa kuti pali lamulo amasintha mayankhidwe. Akakana kumva ndiye kulembera a MACRA. Tikangoti palibe chingachitike, mapepalawo apitiriza kutuluka.

Gogo_wa_Wimbe:
Ana anga, ine ndiwonjezere ya ziphaso zenizenizo, osati mafotokope. Kuyambira pomwe a NRB, bungwe la boma lopereka ziphaso za unzika, anatilemba mu 2017, kachiphaso aka kasanduka kiyi wa chilichonse. Ku banki akufuna ako, kulembetsa simu ako, Mtukula Pakhomo ako, feteleza wotsika mtengo ako. Ndiye itayamba AIP, pulogalamu ya boma ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, mu 2020, mavenda anayamba kuyenda m'midzimu nthawi ya njala kumagula ziphaso kwa anthu, kapena kubwereka ponena kuti akakuguliraniko feteleza. Munthu amapereka chifukwa m'nyumba mulibe ufa, ndipo sindingamuweruze. Koma chiphasocho chimakakhala kwa vendayo mwezi wathunthu. Mdzukulu wa mchemwali wanga anachita zimenezo. Patapita miyezi apolisi anafika pakhomo kudzamufunsa za nambala ya foni imene inabera munthu ndalama, yolembetsedwa m'dzina lake. Mnyamata woti foni yake ndi imodzi yokha, ya mabatani. Anavutika kwambiri kuti amukhulupirire.

Mnyamata_wa_Mtunthama:
Agogo anena chinthu chachikulu. Kulembetsa simu kunayamba kukakamizidwa mu 2018 n'cholinga choti wakuba azidziwika. Koma akuba anangosintha njira, akulembetsa pogwiritsa ntchito ziphaso za anthu ena. Ndiye mlandu umayamba wagogoda pakhomo pa wosalakwa. Aliyense pagulu pano apite ku shopu ya kampani yake ya foni, kaya ndi TNM kaya Airtel, atanyamula chiphaso, akafunse manambala onse amene ali m'dzina lake. Ikapezeka yachilendo aitseketse pomwepo. Ndipo pogula simu kwa anyamata a m'misewu muzionetsetsa, wina akati "sizinatheke, tijambulenso kachiwiri", mufunse bwino, mwina walembetsa ziwiri.

Chinanso, foni yanu ikangozima netiweki mwadzidzidzi pomwe anzanu onse pafupi nanu ali nayo, musangoti ndi vuto la nsanja. Mwina wina wakatengetsa simu yatsopano pa nambala yanu ponamizira kuti ndi inu ndipo yakale yatayika. Akatero mauthenga onse a ndalama amapita kwa iye. Thamangani tsiku lomwelo.

NaPhiri_Chisemphere:
Mayo ine. Ndiye kuti pepala ili likanagwera m'manja ena bwenzi mlamu wanga ali pamavuto osawadziwa. Ndikuganiza momuuzira, chifukwa akadziwa kuti ndaona za ngongoleyo achita manyazi.

NyaKaluluma:
Muwaitanire pambali amayi, inu awiri basi. Achimwene anuwo asamve kuchokera kwa inu. Nkhaniyo ndi ya mwini wake.

Tchipisi_Boma:
Ine ndine mmodzi wa ogulitsa zakudya, ndiye mundimvereko. Musatide ife. Majumbo opyapyala aja boma linaletsa, okhuthala ndi odula, nyuzipepala masiku ano ogula ndi ochepa ndiye zakale sizipezeka ngati kale. Akabwera mnyamata ndi mtolo wa mapepala oyera pamtengo wabwino timagula. Ena mwa ife kuwerenga Chingerezi n'kovuta, timangoona kuti ndi pepala laukhondo.

Mlimi_wa_Chamama:
Za majumbo ndiye boma linachita bwino. Mbuzi zanga ziwiri zinafa, kung'amba m'mimba muli mapulasitiki okhaokha. Tibwerere ku masamba a nthochi ngati kale, zitumbuwa zimakoma kuposa.

Tchipisi_Boma:
Nthochi zake ziti akulu, mmene inathera ndi matenda ija? Ndipo mafuta ophikira mmene akwereramu, mukufuna ndiwonjezerenso ndalama yogula masamba?

Wakabaza_KU:
Zitumbuwa zomwezo zachepa, masiku ano ziwiri sizikwana ndi pakamwa pomwe, mtengo ndiye ukungokwera.

Adimini_KU:
Abale, za mitengo ya zitumbuwa tidzatsegula tsiku lina. Tibwerere ku funso la NaPhiri.

Wazaumoyo_Kumudzi:
Zikomo a adimini. Ine ndikufuna ndiyankhe mawu aja akuti wopanda chobisa saopa, chifukwa andikhudza. Ndimagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi. Pali amayi amene amayenda mtunda wautali, kudumpha chipatala chapafupi, kukatengera ma ARV kutali, n'cholinga choti asakumane ndi woyandikana naye nyumba. Sanalakwe kanthu. Akungofuna kuti amene adziwe akhale amene iwo asankha kumuuza. Pali atsikana amene akulera amuna awo asakudziwa chifukwa akadziwa kumakhala ndewu. Kabuku ka kuchipatala ka munthu wotere kakatayika, kapena wina akajambula tsamba limodzi n'kuponya pa WhatsApp, banja limatha, ena amasiya kumwa mankhwala kumene. N'chifukwa chake lamulo la za HIV la 2018 limaletsa kuulula mmene munthu alili m'thupi iye asanalole.

Ndipo pano ndiloze chala ife tomwe a pagulu lino. Ngozi ikachitika pa msewu wa M1, mphindi khumi sizitha zithunzi za anthu ovulala ndi omwalira zafika kale m'mafoni, nkhope zili poyera, wina mpaka kujambula chiphaso chimene chapezeka m'thumba. Pali mayi wina kwathu kuno anadziwa za imfa ya mwana wake poona chithunzi pa sitetasi ya munthu. Mwambo wathu ndi woti uthenga wa maliro amakanena ndi akuluakulu, atakhala pansi, mosamala. Foni yatilanda ulemu umenewo ndipo tikuilola tokha.

Gogo_wa_Wimbe:
Mwanena zoona mwana wanga. Kale uthenga wa zovuta unkayamba wafika kwa mwinimbumba ndi kwa amfumu. Lero mwana wa zaka khumi ndi ziwiri ndiye akuyamba kudziwa.

Mlimi_wa_Chamama:
A zaumoyo, ndamva ndipo mawu aja ndinalankhula mothamanga. Komabe ndifunse. Kumudzi chinsinsi chinayamba chakhalapo liti? Ukagula njinga aliyense amadziwa, ukakangana ndi mkazi m'mawa nkhani ili pa mjigo. Zachinsinsizi si za azungu ndi anthu a m'tauni?

Mphunzitsi_wa_Santhe:
Ayi akulu, makolo athu ankadziwa chinsinsi kuposa ife. Za kudambwe sizinenedwa pabwalo. Za kuchinamwali mwamuna sazimva. Nkhani ya banja imathera kwa ankhoswe, ndipo nkhoswe youlula za m'nyumba ya eni palibe amaituma kachiwiri. Kusiyana kwake n'kwakuti miseche ya pa mjigo imathera pa mjigo, ndipo amene akunenayo mumamudziwa, mutha kukamusumira kwa amfumu. Koma chimene chalowa pa intaneti chimafika ku Johannesburg tsiku lomwelo, sichifufutika, ndipo amene akuchigwiritsa ntchito simudzamuona nkhope.

Nachisale_Joni:
Ndili ku Joni kuno koma kwathu ndi kwa Kaomba. Zimene akunena aphunzitsizo ndinaziona ndi maso. Mng'ono wanga foni yake inasweka galasi, anakaisiya kwa okonza mafoni, n'kuwapatsa ndi pasiwedi yomwe poti anati akufuna ayese ngati ikugwira. Patatha masabata awiri zithunzi zake zimene anajambulira bwenzi lake zinali m'magulu a WhatsApp. Ine ndinazilandira kuno kuchokera kwa munthu amene sankadziwa kuti ndi m'bale wanga. Mwanayo anasiya sukulu, anakhala miyezi osatuluka m'nyumba. Anthu onse ankatukwana iye, palibe anafunsa za amene anaba zithunzizo. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa.

Fundi_wa_Mafoni:
Pepani kwambiri asisi. Ine ntchito yanga ndi yomweyo ndipo ndikuchita manyazi ndi anzathu otere. Ndikuuzeni monga mwini ntchito: kusintha galasi, batire kapena pochajira sikufuna pasiwedi yanu. Ntchito ikatha mutsegule nokha, muyese muli pomwepo. Chotsani simu ndi memori khadi musanasiye foni. Ngati vuto lake likufunadi kutsegula, khalani pompo muzionerera, fundi wokana zimenezo musiyeni. Chimodzimodzi kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu mu memori, khadi ikalowa mu kompyuta yawo zonse zili m'menemo amaziona. Ndipo pogulitsa foni yakale musangofufuta zithunzi, ibwezeretseni mmene inabwerera kufakitale, mutayamba mwatulutsamo akaunti yanu ya Google.

NyaKaluluma:
Nanga amene amatumiza zithunzizo kwa ena? Iwonso ndi akuba omwewo. Ukalandira, fufuta, ndipo umudzudzule wakutumizirayo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mnyamata_wa_Mtunthama:
Poti tafika pa WhatsApp, ndichenjeze za chinyengo chimene chagwira anthu atatu a kutchalitchi kwathu mwezi uno. Amakuimbira kapena kukulembera ngati mnzako wa pagulu, amati tikukonza msonkhano wa pa intaneti, takutumizira manambala asanu ndi imodzi, tiuze kuti tikulowetse. Manambala amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yako. Ukangonena, akaunti yasamukira mu foni yake, ndipo amayamba kupempha ndalama kwa abale ako onse m'dzina lako. Mankhwala ake alipo ndipo ndi aulere: lowani mu Settings, Account, Two-step verification, muike PIN yanuyanu. Ngakhale atakuberani manambala aja, popanda PIN imeneyi amakakamira panjira.

Ndipo malinki aja oti "boma likugawa ndalama, lembetsani apa", kapena "bandulo yaulere, tumizani kwa anthu makumi awiri", ndi misampha yotolera maina ndi manambala. Timafunso tija ta pa Facebook toti "dziwa kuti udzakhala ndani" natonso si masewera chabe. Mu 2018 zinaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inapeza mbiri za anthu ofika 87 miliyoni a pa Facebook kudzera mu kafunso kotere, ndipo ambiri mwa iwo sanayankhe n'komwe, anangokhala anzawo a amene anayankha.

Wakabaza_KU:
Gulu lino lomwe lili ndi anthu oposa mazana awiri, ndipo aliyense akuona nambala ya mnzake. Tonse timadziwana?

Adimini_KU:
Funso labwino. Kuyambira lero linki yolowera pagulu ndaitseka, wofuna kulowa azidzera kwa ine ndipo pakhale womuperekera umboni. Komanso zithunzi za ngozi ndi za ziphaso za anthu ndizichotsa ndikangoziona. Wotola chiphaso alembe dzina loyamba ndi dera basi, mwini wake abwere kumbali.

Mzika_Yokhudzidwa:
Zonsezi ndi zabwino, koma mukulimbana ndi nsomba zazing'ono. Amene ali ndi mbiri yathu yonse ndi boma: nkhope, zala khumi, mudzi, makolo, nambala ya foni yolumikizidwa ku chiphaso. Nanga iwowo akusunga bwanji? Mu February 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, a Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowedwa ndi akuba a pa intaneti amene ankafuna dipo, ndipo anthu anakhala masabata osalandira mapasipoti. PIN ikabedwa umasintha, koma chala ungasinthe? Chachiwiri, lamulo la 2016 limene aphunzitsi atchulalo ndi lomwenso lamangitsapo anthu, atolankhani omwe, chifukwa cha zimene analemba pa intaneti zokhudza akuluakulu. Ndiye ine ndikamva kuti lamulo likutiteteza ndimafunsa kuti likuteteza ndani kwenikweni.

Mphunzitsi_wa_Santhe:
Nkhawa yanu ndi yomveka ndipo sindikutsutsa. Koma lamulo la 2024 silikupatula maofesi a boma, nawonso ndi osunga mbiri za anthu ndipo ayenera kuyankha. Kaundula wa unzika payekha ndi wothandiza, wachotsa maina ambiri a mizukwa m'mabuku a malipiro. Chofunika ndi choti tizifunsa mafunso amenewa poyera, kwa aphungu athu a kuno ku Kasungu akabwera pa misonkhano, osati kungofunsa za milatho ndi feteleza.

Mzika_Yokhudzidwa:
Tidzaona ikadzalangidwa ofesi ya boma yoyamba. Pakadali pano ine sindinakhutire.

Mlembi_wa_Banki_Mkhonde:
Ine ndawerenga zonse mwakachetechete ndipo ndadziona wolakwa. Ndine mlembi wa banki mkhonde kwathu. Kabuku ka gulu kamakhala pa windo, ana amakatsegula. Choipa kwambiri, mwezi watha tinagwirizana kuti amene sanabweze tiike maina ndi zithunzi zawo pa gulu la WhatsApp la mudzi kuti achite manyazi. Mayi mmodzi anabweza, koma kuyambira pamenepo sabweranso ku misonkhano ndipo kutchalitchi amakhala kumbuyo. Ndalama tinapeza koma munthu tinamutaya. Kodi pamenepa tinaphwanya lamulo?

Ejenti_wa_Chinkhoma:
Za lamulo ayankhe aphunzitsi, koma ngongole ili ndi njira zake: chikole, mboni, amfumu. Akatapila a pa foni aja amachitanso zomwezo, ukachedwa amatumiza mauthenga kwa anthu onse a mu foni yako, chifukwa poika apu yawo unavomera kuti aone manambala. Tisatengere khalidwe limenelo.

Mphunzitsi_wa_Santhe:
Amayi, munthu anakupatsani dzina ndi chithunzi kuti alowe m'gulu, osati kuti mudzamuyalutsire nazo. Kugwiritsa ntchito mbiri ya munthu pa cholinga china chimene sanavomere ndi chimene lamulo likukana. Pitani mukapepese, ndipo zithunzizo zichotsedwe.

Fundi_wa_Mafoni:
Pa mafotokope, njira imene ine ndimachita ndi iyi. Ndikamapereka, ndimalemba ndi bolopeni modutsa pa chithunzi penipeni kuti kope ili ndi la ntchito yakuti, ku ofesi yakuti, tsiku lakuti. Wina sangakaligwiritsenso ntchito kwina mosavuta, ndipo likapezeka pa chiwaya mumadziwa khomo limene latulukira. Pa shopu ya fotokope muzitenganso mapepala amene alakwika, musawasiye mu bini. Mukatumiza chiphaso pa WhatsApp ya mwini shopu kuti akupulintireni, muimirire mpaka afufute.

Gogo_wa_Wimbe:
Imeneyo ndaigwira, ndikawauzanso amayi a kumpingo Lachinayi. Safunsa anadya phula.

NaPhiri_Chisemphere:
Abale, ndabweranso kudzakuuzani mmene zathera lero. M'mawa ndinamuitana mlamu wanga kudimba, tili awiri, n'kumuonetsa pepala lija. Analira, osati chifukwa cha ine, koma poganiza kuti anthu angati adyera zitumbuwa pa nkhope yake. Kenako tinakwera limodzi kupita ku boma. Mayi wa zitumbuwa uja sanavute ngakhale pang'ono, anatulutsa mtolo wonse umene unatsala, ndipo anati anagula kwa mnyamata wina amene amabwera nawo pa njinga. Tinamupatsa ndalama imene anagulira, mtolowo tinatenga. Muli mafotokope a ziphaso 64, a makalabu anayi, ena a ku Chatoloma.

Tinapita ku ofesi ya bungwe lija. Poyamba mlonda anati abwana kulibe, koma titaonetsa mapepalawo anatilowetsa msanga. Abwanawo anati anasamuka ofesi chaka chatha ndipo makatoni ena akale anatsala m'chipinda chosungiramo katundu. Anafuna kuti tiwasiyire mtolo wonse. Ine ndinakumbukira mawu a aphunzitsi, ndinati tisiya pokhapokha atilembere kalata yovomera kuti alandira mapepala angati ndi kuti achita nawo chiyani, ndipo awiri aja a mlamu wanga tasunga ife. Kalatayo alemba, yadindidwa. Alonjeza kuti awaimbira atsogoleri a makalabu anayiwo pofika Lachisanu.

Pobwerera tinadzera ku shopu ya foni kukafunsa manambala a m'dzina la mlamu wanga. Apezeka atatu. Iye amadziwa imodzi. Awiriwo atsekedwa.

A Mphunzitsi_wa_Santhe, Lachisanu likadutsa osaimba ndidzakupezani kumbali kuti mundithandize kulemba kalata ya ku MACRA ija. Ndipo ngati pagulu pano pali wa ku Chatoloma amene mayi ake kapena mkazi wake anali mu kalabu ya ngongole zaka zitatu zapitazo, andilembere kumbali, maina sindiika pano.